Njerwa za Mchombo

A Valdemar sankadutsa khoma osaligogoda. Akalowa m'nyumba ya munthu, moni usanathe n'komwe, chala chinali chitapindika kale: go, go, go, khutu atalipendeketsa ngati munthu wogula chivwende. Ankatero kutchalitchi, ankatero pamaliro. Tsiku lomwe anakalumbira ku Tete kukhala deputado, phungu wa provinsiya, omwe anawaperekeza anabwera akusimba kuti a Mestre agogoda ndi nyumba ya boma yomwe. Zaka zambiri anali mestre, mmisiri womanga nyumba, ndipo jekete ndi taye sizinawachotse chizolowezicho. N'chifukwa chake mkazi wawo, Ilda, anadabwa tsiku lotsegulira nyumba ya chidikiro pachipatala chaching'ono cha kwa Kamphale, nyumba yoti amayi oyembekezera ochokera kutali azigonamo podikira tsiku lawo. A Deputado analankhula, anadula nsalu yotchinga pakhomo, anazungulira zipinda zonse, koma manja anali m'matumba mpaka alendo anakwera magalimoto.

Ilda anaziona, anazisunga. Zinadzatuluka patapita miyezi, m'mawa wina mitambo ya dzinja itayamba kusonkhana, pamene a Valdemar anaika kapu ya tiyi pansi n'kulengeza ngati ali pamsonkhano.

"Marlene akadikirira ku Tete, kwa alongo anga. Galimoto ndapempha kale."

Marlene anali mwana wawo wamkazi. Anali atabwera kwa amake ndi pathupi pake poyamba, monga amachitira ana aakazi, ndipo mwezi wake unali pafupi. Nthawiyo anali pakhonde akusankha nyemba, makutu ali m'nyumba.

"Ku Tete?" anatero Ilda. "M'ng'anjo muja? Mukufuna mdzukulu wanu abadwe wopsa kale?"

"Kuli madokotala."

"Kuno kuli anamwino, ndipo pali chidikiro chatsopano chomwe munatsegula nokha. Mwaiwala? 'Kuyambira lero palibe mayi wa kwa Kamphale amene adzachirire panjira. Viva!' Ine ndinaimba nthungululu mpaka kusasa mawu."

"Zija n'za anthu, amayi."

"Nanga ife ndife chiyani? Mbuzi?"

"Musandipotozere mawu. Mwana wa deputado sangakagone pamphasa limodzi ndi..."

"Malizani. Limodzi ndi ndani? Ndi amayi aja anaponda dothi mpaka zidendene kung'aluka? Mkulu wawo ndinali ine, abambo. Ndinayenda khomo ndi khomo kuwadzutsa kuti tikatunge madzi, tiumbe njerwa, tisenze nkhuni za uvuni. Nyumba itatha ndinayendanso khomo ndi khomo: amayi, lekani kuchirira kunyumba, bwerani kuchidikiro. Elina, mwana wa malemu mng'ono wanga, ndinakamutenga ndekha kutsidya kwa mtsinje. Lero wanga ndimukweze galimoto? Nkhope ndikaiika pati?"

"Muiike pomwe imakhala. Ndalankhula."

"Ndifunseko chimodzi. Tsiku lija bwanji simunagogode?"

"Kugogoda chiyani?"

"Khoma. Inu mumagogoda ndi chimbudzi cha eni chomwe. Koma nyumba yomwe anamanga mng'ono wanu Luciano, inu mukuyang'anira, munaizungulira manja ali m'matumba ngati mwagwidwa ndi chisanu."

"Pamaso pa a Administrador, mkulu wa boma lino, ndizigogoda makoma ngati mwana? Akazi inu! Mukasowa chonena mumayamba kuwerenga mapazi a munthu."

Anatenga jekete natuluka, tiyi osamaliza.

Mvula yoyamba inagwa sabata lomwelo, yamphamvu, yowomba kuchokera kummawa. Mudzi wonse unathamangira kuminda kukawokera fodya ndi kubzala chimanga. Ilda anasenza mtolo wa nkhuni ndi kathumba ka nyemba, ulendo wokaona Elina.

Anapeza amayi oyembekezera atakhala panja, miyendo atatambasula, akuothera kadzuwa. Woyamba kumuona anali Ana Paula, mayi wa pakamwa pothwa yemwe ana ake anali atadzaza kale nyumba.

"Takulandirani, Dona Ilda! Mukawauze a Deputado kuti chitseko chawo nachonso chaima. Chatupa, sichikutsekeka. Kaya bambo wake ndani."

"Funsani mvula," anatero wina. "Ndiyo imalowa muno osagogoda."

Onse anaseka atagwira m'munsi mwa mimba. Elina yekha sanaseke kwenikweni. Analandira nkhuni, nagwira dzanja la Ilda.

"Amayi, bwerani muone pomwe ndimagona."

Mphasa ya Elina inali m'munsi mwa khoma lakummawa. Khomalo linali lonyowa mpaka m'chiuno mwa munthu. Kuchokera pakona ya zenera kutsika mpaka pansi panali mzere wa penti watsopano, woyera kuposa pena ponse, ndipo pakati pa mzerewo mng'alu unali utatsegukanso, woti chala n'kulowa.

"Anabwera a Luciano dzana ndi kachitini ka penti," anatero Elina. "Akuti nyumba yatsopano imatero, ikukhazikika. Koma mvula ikamagwa, amayi, mumamveka timchenga tikuyoyoka m'kati mwa khomamo."

Chapansi, reboko, simenti yomata kunja kwa khoma ija, inali itagamuka chigamba chonga chikhatho. Ilda anagwada nakanda ndi chikhadabo. Chala chinalowa ngati mumbatata yophika. Sinali njerwa yowotcha. Chinali chidina, dothi lotuwa losaona moto, ndipo pakati pa chidina ndi chinzake panali matope, osati simenti.

Njerwa zawo Ilda ankazidziwa. Chikombole chomwe amayi anaumbira chinali ndi bowo la mfundo ya mtengo pathabwa la m'mbali, moti njerwa iliyonse inkatuluka ndi kachotupa pakati. Amayi ankati ndi njerwa za mchombo, zoyenera nyumba yodikiriramo ana. Anaziwotcha mpaka kufiira, zolira ngati belu ukaziombanitsa. Nthawi yomanga itafika, Luciano anatchinga malowo ndi mpanda wa malata nabwera ndi amisiri ake akutali. Thirakitala inkanyamula njerwa kumtsinje anthu onse ali m'zigafa kumanga fodya. Palibe anaitsatira kuti aone komwe inkatula.

Ilda anakanda pena, nakandanso pena. Mchombo sanaupeze. Anagamula chibuluma chimodzi nachimanga pakona ya kapulana yake, chitenje chomwe anavala.

Anamwino, mtsikana wochokera kutali, anamupeza akupukuta manja.

"Dona Ilda, ine ndinaziona kalekale," ananena motsitsa mawu. "Koma ndine wobwera. Ndikatsegula pakamwa, mawa ndidzuka atandiponya kutali ku Zumbo. Ndipo ndiwatulutse apite kuti? Mtsinje ukadzaza, wobwerera kwawo sadzafikanso kuno. Chipinda chochiriramo chili ndi mabedi awiri basi."

Sabata lotsatira Ilda anakwera chapa, kagalimoto konyamula anthu, kupita ku Furancungo kukagula beseni ndi makapulana a mwana. Atatha kugula anadzera kuloja, sitolo yatsopano ya Luciano, ija anthu ankaitama kuti yamera ngati bowa. Kutsogolo inali yopaka penti wobiriwira. Ilda sanalowe. Anazungulira kuseri komwe reboko anali asanamate, naima beseni lili pamutu. Khoma linali lofiira, simenti yokhuthala pakati pa njerwa, ndipo mzere ndi mzere, kuyambira pansi mpaka kudenga, michombo.

"Alamu!" Luciano anatulukira akupukuta pakamwa. "Mukufuna chimbudzi? Chili mbali iyi."

"Ayi, alamu. Ndikuona ana anga. Aliyense ndinamugwira ndi manja awa. Akula bwino kuno kutauni."

Luciano anaseka, kenako anayang'ana khomalo, kuseka n'kuuma.

"Njerwa zimafanana, alamu."

"Ngati mmene mufananira inu ndi akulu anu."

"Ine musandilowetsemo. Langa ndi dzina chabe, pakampani yomangayo ndi paloja pomwe. Kafunseni kunyumba kwanu. Ndikugulireni refresko? Dzuwa lakula."

"Mumwe nokha."

Pobwerera Ilda anakweranso chapa. Wina anamusiyira mpando wakutsogolo, akuti Dona asakhale pamatumba a feteleza, ndipo iye anakhalapo monga ankachitira masiku onse. Anazindikira ali pakati pa ulendo kuti mpandowo ankaukonda.

A Valdemar anali kumisonkhano ya chipani masiku angapo. Atabwera, masana ena, anasamba m'manja nakhala patebulo. Ilda anawaikira mbale yovundikira. Atavundukula anapeza chibuluma cha dothi lotuwa.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndiwo zanu. Zachokera m'khoma la chidikiro. Inu ndinu mestre, lawani mundiuze ngati zapsa."

A Valdemar anachitola, nachifinya ndi zala ziwiri. Chinayoyoka. Sanakane, sanakalipe.

"Mwauza ndani?"

"Funso lanu loyamba ndi limenelo? Ndapitanso ku Furancungo. Kuseri kwa loja ndakaonako."

"Khalani pansi, amayi. Ndale simukuzidziwa. Mukuyesa mavoti amagwa okha ngati mango? Mafuta a galimoto, malaya a anyamata, makapulana a amayi, mbuzi za akuluakulu akabwera, zonsezo zimachokera m'thumba la ndani? Kapulana mwavalayo inachokera kuti? Malata a nyumba ino? Akamakuitanani Dona, Dona, simukana. Walira mvula walira matope."

"Matope akewo agwere Elina?"

"Ndani anabweretsa mjigo m'mudzi muno? Ndani anakonzetsa mlatho uja unkameza ngolo chaka ndi chaka? Amene analipo ine ndisanalowe anasiya chiyani? Inde ndadyako, mbuzi imadya pomwe aimangirira. Koma ine ndimasiyako. Ena amadya ndi chingwe chomwe."

"Mjigo timamwa, mlatho timaoloka, zikomo. Koma sindikulankhula ndi deputado. Deputado ndamumva, amalankhula bwino. Ndikufunsa mmisiri amene ndinakwatiwa naye, uja anagwetsa khoma lonse la sitolo ya Mmwenye chifukwa linapendeka pang'ono, n'kuyambiranso osadya. Ameneyo andiyankhe. Nyumba ija idutsa dzinja lino?"

A Valdemar anayang'ana fumbi la m'zala zawo. Atalankhula, mawu anali ena, opanda msonkhano m'kati.

"Viga palibe. Lamba wa simenti ndi zitsulo uja womanga makoma pamwamba sanaikidwe. Denga lakhala pazidina. Mvula ikamagwa yoongoka, idutsa. Ikamawomba khoma lakummawa masiku otsatizana, limwa madzi, likhala pansi."

"Ndiye mukudziwa."

"Ndati mwina idutsa."

"Mwina. N'chifukwa chake Marlene akupita ku Tete. Mwana wanu sagona pansi pa mwina."

"Bambo aliyense angachite chimodzimodzi."

"Chabwino, madzi akatayika saoleka. Tikonze za lero. Nyumba ino ili ndi zipinda zomwe mumangogona matumba a chimanga. Kuchipatala m'pafupi. Amayi aja abwere muno mpaka mvula ithe."

"Nyumba ya deputado isanduke wodi? Ndipo anthu akafunsa chifukwa chake?"

"Ndiye tengani mitengo mukachirikize khomalo. Kumbani ngalande. Inu mukudziwa zochita kuposa ine."

"Ndikangoimika mtengo umodzi pakhoma lija, mawa chithunzi chili m'mafoni a provinsiya yonse. Chipani chikusankha mayina miyezi ikubwerayi. Ricardo, mphunzitsi uja akufuna mpando wanga, akungodikira chimenecho. Dikirani mvula ithe. Mwezi wa Maio ndidzaligwetsa mwakachetechete, tidzati tikukulitsa nyumba. Ndidzalimanga ndekha ngati mufuna. Sunga khosi, mkanda woyera udzavale."

"Mimba sidikira Maio, abambo. Mvula nayo sidikira. Zengerezu adalinda kwawukwawu."

"Ndimvereni bwino. Za m'nyumba muno zithere m'nyumba muno. Mukagwetsa ine, mwagwa ndinu. Simudzakhalanso pampando wakutsogolo, mudzakhala pamatayala."

Pakhomo panaima Marlene, dzanja lili pamsana. Anali atamva zonse.

"Papa, Elina ndi ine tinakulira pamphasa imodzi."

"Iwe khala chete, izi n'za akuluakulu. Konza zovala zako. Galimoto ibwera Lachisanu, amako akuperekeza."

Masiku otsatira mvula inabwerera. Sinali yaphokoso. Inali ija yamvumbi, yosatopa, yopendekera mbali imodzi ndi mphepo. Ilda anapitanso kuchidikiro atafunda thumba la pulasitiki. Chinyezi chinali chitakwera mpaka pazenera. Amayi anali atasunthira mphasa zawo pakati pa chipinda, koma malo sanakwane, ndipo Elina, pokhala wamng'ono pa onse, anatsalabe kukhoma. Ana Paula sanachitenso nthabwala. Anangofunsa kuti, "Dona Ilda, inu mumagona ndi mmisiri. Akuti chiyani?" Ilda anatsegula pakamwa, koma zomwe zinatuluka zinali zoti nyemba zija azinyike kaye asanaphike. Anabwerera kunyumba akudzida.

Lachisanu m'mawa analowa m'chipinda cha Marlene. Anapinda matewera, makapulana ndi kachipewa koluka, nazilongeza m'sutikesi. Beseni analimanga pamwamba ndi chingwe. Beseni limenelo anagula kuti adzasambitsiremo mdzukulu wake ndi manja ake, monga amake a Ilda anachitira pa Marlene yemweyo. Analisisita kamodzi, nalisiya.

"Marlene, tamvera. Iwe upita. Sindingayese khoma ndi mimba yako."

"Mukulankhula ngati simukwera nawo."

"Sindikwera."

"Amayi! Mwana wanga woyamba? Ndikuopa ndekha."

"Woyamba aliyense amaopa, ndipo amabadwabe. Uli ndi azakhali ako, uli ndi madokotala, uli ndi galimoto. Elina ali ndi ine basi. Ndipo amayi onse aja ndinawaitana ndine, ndi pakamwa panga pano."

Marlene analira pang'ono, kenako anapukuta m'maso ndi kapulana.

"Papa akudziwa?"

"Adziwa posachedwa. Ukachira uuze azakhali ako andiimbire. Mwana usamusambitse madzi ozizira ngakhale kutenthe bwanji."

Ilda anapita kuchipinda chake natenga thumba la feteleza lochapa bwino. Anaikamo bulangete, makapulana awiri, poto, ufa, mchere, sopo ndi tochi. Anakulunga mphasa. Panja galimoto inali itafika, woyendetsa akupukuta galasi. A Valdemar anaima pakhonde atavala jekete, nkhope yopepuka ngati munthu amene mlandu wamuthera bwino. Ataona thumba ndi mphasa anaseka.

"Mphasa ya chiyani, amayi? Kwa alongo anga kuli mabedi. Mukufuna mukandichititse manyazi mumzinda ndi thumba la feteleza?"

"Ku Tete sindipita. Ndikupita kuchidikiro."

"Kukatani?"

"Kukagona. Elina ndimusuntha. Mphasa yanga ndiyala pomwe amagona iye, pansi pa khoma lakummawa."

A Valdemar anayang'ana woyendetsa galimoto, natsitsa mawu.

"Mwapenga? Munthu wa imvi ngati inu, pakati pa oyembekezera? Anthu ati chiyani?"

"Afunsa kuti mkazi wa deputado akudikira chiyani pa ukalamba wake. Ena ati a Mestre akadali amphamvu. Koma akandifunsa, ine sindinama. Ngakhale asafunse, ndiwauza lero lomwe, zidina, matope, viga, loja, zonse. Wokhala ndi kopita apite. Wosowa kopita ndikhala naye."

"Mukufuna kundipha ine."

"Ayi, abambo. Wofuna kupha sagona yekha pansi pa khoma."

"Ndiye mwasankha ana a eni, wanu mukumutaya?"

"Wanga mwamusamala kale inu, ndipo mwachita bwino. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, mumanena choncho pamisonkhano. Ine ndikungopita kukaona ngati n'zoona."

"Mukatuluka pachipata icho musadzabwerenso."

"Nyumba ndi yanu. Simenti mukudziwa komwe ili, njerwa mukudziwa komwe zili, ntchito mumaidziwa kuposa aliyense m'boma lino. Tsiku lomwe mudzachirikize khoma lija, kapena kutsegula chitseko ichi kuti amayi aja alowe, mudzandiona ndikubwera ngati mudzandifunabe. Mukafuna kudikira Maio, dikirani. Mudzandifukula nokha."

Woyendetsa galimoto analiza hutala. Marlene anakwera pang'onopang'ono, atagwira chitseko, osayang'ana bambo ake. Galimoto inatuluka pachipata ikuterereka m'matope. A Valdemar anatsala pakhonde.

Ilda anamanga kukamwa kwa thumba ndi luzi, namangirira mphasa pamwamba. Anapinda kansalu kukhala nkhata, naika pamutu. Anayesa kunyamula, koma thumba linakana. Anatembenukira kwa amuna ake.

"Tandisenzetsani, abambo. Ndi lolemera."